Mzikiti wa Dothi wa ku Djenné ndi Manja Amene Amaumata

Aliyense amene anakulira m'nyumba ya zidina amadziwa kuti dothi silisunga munthu wozengereza. Ukalekerera denga kudontha dzinja limodzi, khoma limayamba kudyeka. Dzinja lachiwiri ming'alu imayasama, ndipo lachitatu umatulutsa katundu usiku mvula ili mkati. N'chifukwa chake kumudzi sadikira kuti nyumba iyambe kudandaula. Mitambo ikangoyamba kusonkhana, amayi amakatapa mtsiro n'kuzira pansi ndi pakhonde, abambo amamata pamene pagumuka, udzu watsopano n'kukwera padenga.

Ku Mali, mumzinda wa Djenné, kuli nyumba ya dothi lomweli, losawotcha, koma nsanja yake yapakati ndi yotalika mamita pafupifupi 16, ndipo mkati mwake mumaswali anthu okwana ngati 3,000. Uwu ndi Mzikiti Waukulu wa ku Djenné, umene ambiri amati ndiyo nyumba yaikulu koposa mwa zonse zomangidwa ndi zidina padziko lapansi. Chithunzi chake chili pachizindikiro cha dziko la Mali. Ouona pazithunzi amagoma ndi maonekedwe ake, nsanja zonga zulu zikuluzikulu zolasidwa mitengo mbali zonse. Ine chimene chimandigwira mtima n'chakuti nyumba yaikulu chonchi singathe kudziimira yokha ngakhale zaka zowerengeka. Mbiri yake ndi ya anthu amene anavomera kuisenza, ena amene anaikana, ena amene anagwidwa pakhosi kuti aimange, ndi amene mpaka lero amadzuka m'bandakucha tsiku limodzi pachaka kukaipaka matope ndi zikhatho zawo.

Djenné ili makilomita pafupifupi 400 kumpoto chakum'mawa kwa Bamako ukayeza molunjika, m'chigwa cha mtsinje wa Bani, umene umakathira mu Niger pa Mopti. Mvula ikagwa kumtunda, madzi amadzaza chigwa chonse ndipo mzindawo umasanduka chilumba. Madzi omwewo ndiwo chuma cha kuno: mpunga, nsomba za asodzi a Chibozo, msipu wa ng'ombe za Afulani, ndi dothi lonona limene limatsala madzi akaphwa. Anthu anakhazikika pano kalekale. Makilomita atatu kuchokera mumzindawu pali chitunda cha Djenné-Djenno, pamene Roderick ndi Susan McIntosh anayamba kufukula mu 1977 n'kupeza kuti panali mudzi kuyambira cha m'ma 250 Khristu asanabadwe, mudzi umene unakula n'kukhala mzinda Chisilamu chisanafike. Djenné imene tikuidziwa inalemera ndi mabwato. Mchere wa m'chipululu cha Sahara unkafika ku Timbuktu pamsana pa ngamila, n'kukwera mabwato kudza kuno. Kuchokera kumwera kunkabwera golide, mtedza wa kola ndi akapolo. Pamodzi ndi amalondawo panabwera Chisilamu ndi mabuku ake.

Za chiyambi cha mzikitiwu timazimva kwa Abd al-Rahman al-Sa'di, mwana wa ku Timbuktu amene anakhalapo imamu ku Djenné, ndipo cha m'ma 1655 analemba buku la mbiri lotchedwa Tarikh al-Sudan. Iye akusimba za mfumu Kunburu, imene ena amaitcha Koi Konboro, kuti inasonkhanitsa ophunzira a Chisilamu 4,200 n'kulowa chipembedzocho pamaso pawo. Kenaka inagwetsa nyumba yake yachifumu kuti pamalopo pamangidwe mzikiti, yokha n'kukamanga ina chakum'mawa kwake. Wolowa ufumu pambuyo pake anawonjezera nsanja, wotsatira wake anamanga mpanda. Akatswiri a mbiri amaika zimenezi pakati pa 1200 ndi 1330.

M'nkhani ya al-Sa'di muli kanthu kena kamene kamandisangalatsa kuposa kugwetsa nyumba. Akuti mfumuyo inapempha ophunzirawo kuti apempherere mzindawo zinthu zitatu: kuti wothawa umphawi kwawo akafika ku Djenné apeze mtendere ndi chuma mpaka aiwale mavuto a kumene wachokera, kuti alendo achuluke kuposa eni mudzi, ndiponso kuti amalonda obwera ndi katundu azitopa msanga n'kugulitsa motchipa, eni mzinda apindule. Pemphero limeneli ndi la munthu wodziwa kuti mzinda wake umadya za mlendo. Mzikiti ndi msika zinabadwira pamodzi, ndipo lero lomwe zikuyang'anizana.

Maufumu anasinthana. Sonni Ali wa ku Songhai analanda mzindawu m'zaka za m'ma 1470, asilikali a ku Morocco anabwera pambuyo pa 1591, koma mzikiti unaima. Nyumba ya dothi siikhala zaka 500 popanda woimata, choncho tikudziwa kuti m'mibadwo yonseyo panali anthu amene sanaphonye ntchito yawo, ngakhale mayina awo sanalembedwe paliponse.

Amene anaugwetsa sanali mdani wa Chisilamu. Anali Seku Amadu, shehe wa Chifulani wokhwima pa malamulo, amene mu 1818 anayambitsa nkhondo ya chipembedzo n'kukhazikitsa ufumu wa Massina, likulu lake ku Hamdullahi. Asanakhale wolamula anakhalapo pafupi ndi Djenné, ndipo sankamvana ndi akuluakulu a chipembedzo a mumzindawo. Kwa iye, mapemphero a ku Djenné anali atasakanikirana ndi chuma, kunyada ndi miyambo yosachokera m'Buku. Atalanda mzinda anatseka mizikiti ing'onoing'ono ya m'madera, ndipo waukuluwo anausiya kuti uwonongeke. Ku Djenné amasimba kuti popeza Msilamu saloledwa kugwetsa nyumba ya Mulungu ndi manja ake, iye anangolamula kuti mipita yotulutsa madzi padenga itsekedwe, mvula imalize yokha. Nkhaniyi imandiopsa chifukwa cha kuphweka kwake. Sipanafunike khasu, moto kapena gulu la nkhondo. Panangofunika kuletsa anthu kuchita chimene makolo awo ankachita chaka ndi chaka.

Mu 1828 kunafika René Caillié, Mfalansa amene ankayenda atadzibisa ngati Msilamu paulendo wake wa ku Timbuktu. Iye anaona mzikiti waukulu wa dothi, wa nsanja ziwiri zojintcha koma zosatalika kwambiri, utasiyidwira anamzeze zikwizikwi amene anamangamo zisa. Fungo lake linali loti anthu ankaswalira pakabwalo kena kunja. Pakati pa 1834 ndi 1836 Seku Amadu anamanga mzikiti wake chakum'mawa, pamene panali nyumba ya mfumu, waukulu ndithu koma wamfupi, wopanda nsanja ndi zokongoletsa. Wakalewo unapitiriza kusungunuka.

Ufumu wa Massina unagwa mu 1862 m'manja mwa El Hadj Umar Tall, ndipo mu Epulo 1893 asilikali a France otsogozedwa ndi Louis Archinard analanda Djenné. Mtolankhani Félix Dubois, amene anafika posakhalitsa, anapeza mabwinja a mzikiti wakale atasanduka manda. Zithunzi zimene Edmond Fortier anajambula cha m'ma 1906 zikuonetsa zipupa zogumuka zitaima ngati mano otsala m'kamwa mwa nkhalamba.

M'chaka chomwecho cha 1906 atsamunda anakonza zoti mzikiti umangidwenso pamalo ake akale, ndipo pamene panali wa Seku Amadu pamangidwe sukulu. Ntchito inatha mu 1907. Woitsogolera anali Ismaila Traoré, mkulu wa bungwe la amisiri omanga nyumba a mumzindawo, lotchedwa barey ton. Koma amene anasenza dothi ndi madzi ambiri a iwo sanabwere mwakufuna kwawo, anachita kukakamizidwa. Ife tili ndi liwu limodzi limene limanyamula nkhani yonseyi, thangata. Poyamba linkatanthauza kuthandizana kwa anansi pa ntchito yolemera, koma m'minda ya azungu ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu linasanduka ntchito ya chikwapu. Mzikiti wa ku Djenné unamangidwa ndi thangata wachiwiriyu, ndipo umasungidwa ndi woyambayo. Wolemba mbiri yake moona mtima sangatchule mmodzi n'kubisa mnzake.

Kuyambira pamenepo pakhala mkangano wosatha wakuti mzikitiwu ndi wa ndani m'kapangidwe kake. Dubois atabwereranso mu 1910 anakhumudwa kwambiri. Iye ankakhulupirira kuti Afalansa ndiwo anauwononga, ndipo anaufanizira ndi chinthu chobadwa kwa kanungu ndi limba la m'tchalitchi. Michel Leiris, amene anadutsa mu 1931, analemba kuti ndi ntchito ya azungu, ndiponso kuti eni mzinda ankakana kuusesa mpaka ataopsezedwa ndi ndende. Koma Jean-Louis Bourgeois, atafufuza nkhaniyi m'zaka za m'ma 1980, anatsutsa. Kwa iye dzanja la Afalansa ndi lochepa, mwina m'makomo osongoka a mkati basi, ndipo maonekedwe onse ndi a amisiri a ku Djenné.

Ine ndimapendekera kwa Bourgeois, pachifukwa chimene aliyense womanga ndi dothi angachimve. Wolamula akhoza kunena kuti akufuna nsanja zitatu zoyenderana bwino, koma sangauze mmisiri kukhuthala kwa khoma loti lisenze denga la matope, kapena kuti mtengo ulowe pati kuti pasang'ambike. Nzeru imeneyo inali m'manja mwa Traoré ndi anzake. Afalansa atafuna wawo anamanga wofanizira ku Fréjus, kumwera kwa France, cha m'ma 1930, kuti asilikali a ku West Africa amene anali kumeneko aziona chinthu chowakumbutsa kwawo. Anaumanga ndi simenti n'kuupaka utoto wofiirira, pakati pake n'kusiya popanda denga. Maonekedwe anawatengera, koma nyumba ya simenti siitana munthu kuti adzaimate.

Tiyeni tsopano tifike ngati alendo. Kwa zaka zambiri wobwera ku Djenné ankapatuka pamsewu waukulu wa Bamako ndi Mopti, n'kudikira pantoni kuti awoloke Bani pamodzi ndi ngolo, mbuzi ndi matumba a mpunga. Tsiku loyenera kufika ndi Lolemba, la msika. Bwalo lonse la kum'mawa kwa mzikiti, pamene kale panali dziwe limene linakwiriridwa m'masiku oyamba a atsamunda, limadzaza ndi nsomba zouma, anyezi, zipanda, mchere, nsalu zodindidwa ndi matope zotchedwa bogolan, ndi amayi a Chifulani ogulitsa mkaka. Zilankhulo zimapiringizana: Chisonghai cha ku Djenné, Chibambara, Chifulani, Chibozo. Pamwamba pa phokoso lonseli paima khoma la kibula, loyang'ana ku Makka.

Khoma limeneli ndilo nkhope ya mzikiti. Lili ndi nsanja zitatu, yapakati ndiyo yaitali, ndipo pansonga pa iliyonse pali dzira la nthiwatiwa. Ndi lokhuthala pafupifupi mita imodzi, lochirikizidwa ndi nthiti 18 zotuluka kunja, iliyonse yothera m'kamutu kosongoka. Popeza limayang'ana kotulukira dzuwa, m'mawa limayaka ngati mbiya yongophulidwa kumene, masana limatuwa, madzulo limada. Mitengo imene yalasidwa pakhoma lonse, yotuluka masentimita pafupifupi 60, amaitcha toron. Ndi timitolo ta mtengo wa mvumo, m'bale wake wa mgwalangwa, umene chiswe sichiukonda. Mlendo amayesa ndi zokongoletsa, ndipo zimakongoletsadi, makamaka mithunzi yake ikamayenda pakhoma dzuwa likamapendeka. Koma ntchito yake yeniyeni ndi yopondapo omata. Amisiri anamanga nyumbayi ndi makwerero ake omwe, podziwa kuti chaka chilichonse anthu adzayenera kukwera. Pamwamba, mapaipi a dongo lowotcha amatuluka m'mphepete mwa denga kuti madzi a mvula azigwera kutali ndi khoma, ndipo ukawayang'ana nkhani ya Seku Amadu imabwera yokha m'maganizo.

Mzikiti wonse wakhala pachiunda cha mamita pafupifupi 75 mbali zonse, chokwera mamita atatu pamwamba pa msika kuti madzi osefukira asaufike. Pali masitepe m'malo asanu ndi limodzi, ndipo khomo lalikulu lili kumpoto. Kutsogolo kwa khoma la kum'mawa kuli manda awiri, aakuluwo ndi a Almany Ismaïla, imamu wa m'zaka za m'ma 1700.

Mlendo amene si Msilamu amalekezera panja. Pali zikwangwani zonena zimenezi poyera. Anthu amafotokoza kuti chiletsochi chinabwera m'zaka za m'ma 1990, ojambula zithunzi za mafashoni atajambula akazi ovala mosadzilemekeza pamalo opatulikawa. Woyenda ulendo wautali chonchi zimamuwawa kubwezedwa pakhomo, ndipo ndikumumvetsa. Komabe ndikuona kuti eni ake analondola. Iyi ndi nyumba yoswaliramo kasanu patsiku, ndipo amene amaisenza pamutu ndiwo ayenera kunena wolowamo. Wotsala panja sabwerera chimanjamanja: eni nyumba zoyandikana amalola alendo kukwera pamadenga awo athyathyathya, ndipo kuchokera pamenepo mzikiti, msika ndi chigwa chonse zimaoneka pamodzi.

Wolowa mkati amavula nsapato n'kuponda mchenga. Choyamba kumulandira ndi mdima ndi kuzizira, chifukwa mazenera ndi ang'onoang'ono, obalalika pamakoma a kumpoto ndi kumwera, pamene kunja m'miyezi ya Epulo ndi Meyi kutentha kumapitirira madigiri 40. Chipinda choswaliramo ndi cha mamita ngati 26 m'lifupi ndi 50 m'litali, koma maso sangachione chonse nthawi imodzi. Denga lake, la mitanda ya mvumo yokutidwa ndi matope, ndi lolemera kwambiri moti lakhala pamakoma asanu ndi anayi oyenda kuchokera kumpoto kupita kumwera, obooledwa makomo aatali osongoka pamwamba. Zotsala pakati pa makomowo ndi nsanamira 90 zikuluzikulu. Munthu amaima m'kanjira kake, phewa ndi phewa ndi anzake a mumzere umodzi, osaona mizere ina, ambiri osamuona n'komwe imamu. Amatsata mawu. M'denga muli timabowo tovundikiridwa ndi mbale za dongo zoumbidwa ndi amayi oumba mbiya. Kukatentha amakavundukula kuti mpweya wotentha utuluke, mvula ikamabwera amavundikiranso.

Imamu amatsogolera swala ali m'kachipinda kolowa m'nsanja yapakati, ndipo kudzanja lamanja kwake kuli kena kamene amaimamo popereka khutuba Lachisanu. Pamwamba pa malo a imamu pali kabowo kopita m'kachipinda ka m'nsanja. Kale, zokuzira mawu zisanabwere, munthu ankakhala m'menemo n'kumabwereza mawu a imamu kuti a mumzinda amve. Kumadzulo kwa chipinda choswaliramo kuli bwalo la mkati la mamita ngati 20 ndi 46, lozunguliridwa ndi makonde mbali zitatu, ndipo khonde la kumadzulo ndi la amayi.

Zonsezi zili m'manja mwa barey ton. Bungwe limeneli ndi lakale kuposa nyumba imene tikuiona lero. Umisiri umayenda m'mabanja ndi mwa kuphunzira pantchito: mnyamata amayamba ndi kuponda matope ndi kuponyera zidina, zaka zimapita asanaloledwe kuimika khoma yekha. Samanga poyang'ana pepala, muyeso uli m'maso, m'mkono ndi m'phazi. Banja lililonse mumzindamo lili ndi mmisiri wake, ubale wochokera kwa makolo, ndipo mmisiri salowerera nyumba ya mnzake popanda kupempha. Ntchito imayamba ndi madalitso ndi mawu achinsinsi oteteza nyumba ndi omanga. Trevor Marchand, amene anagwira nawo ntchito ngati wothandizira asanalembe buku lake The Masons of Djenné la mu 2009, anafotokoza bwino za moyo umenewu. Zidina zawo zakale, djenné-ferey, zinali zobulungira, zoumbidwa ndi manja popanda chikombole, ndipo ndi zimene zinamanga mzikiti wa 1907. Kuyambira m'zaka za m'ma 1930 zinayamba kulowedwa m'malo ndi za chikombole, zimene amazitcha toubabou-ferey, kutanthauza zidina za mzungu.

Tsiku lalikulu la bungweli, ndi la mzinda wonse, ndi la kumata mzikiti, limene m'Chifalansa amati crépissage. Limachitika chilimwe chikamatha, mvula isanayambe, kawirikawiri mu Epulo kapena Meyi. Kukonzekera kumayamba masiku ambiri m'mbuyo. Dothi amakalitapa kumtsinje, amalisakaniza ndi mankhusu a mpunga m'maenje, amathiramo madzi n'kulisiya kuti livunde mpaka lide ndi kununkha. Dothi lovunda bwino ndilo limamata osang'ambika. Pamafunika kulivundula kawirikawiri, ndipo ntchito imeneyi ndi ya tianyamata, timene timangolowa m'dzenjemo n'kumasewera. Usiku woti mawa lake ndi tsikulo mzinda sugona, ng'oma ndi zitoliro zimalira m'madera onse.

Kusanache, chizindikiro chikangoperekedwa, anyamata amathamanga ndi madengu a matope pamutu, aliyense kufuna kuti dera lake liyambe kufika ndi kuyamba kumaliza mbali yake ya khoma. Amayi ndi atsikana amatunga madzi kumtsinje m'mizere yosaduka. Makwerero aatali a mvumo amatsamizidwa pakhoma, amuna amakwera n'kukhala pa toron miyendo ili lendelende, madengu akuyenda m'manja kuchokera pansi mpaka pansonga. Palibe chopakira china koma chikhatho. Amisiri a barey ton amayang'anira, ndipo malo ovuta a pamwamba pa nsanja ndi awo. Nkhalamba zimene zinakwera makoma amenewa pa unyamata wawo zimapatsidwa malo aulemu pabwalo la msika, zikuonerera. Aliyense amathera matope kuyambira kumutu mpaka kuphazi, mwana wa wolemera ndi wa wosauka osasiyanitsika. Dzuwa lisanafike paliwombo, nyumba yonse ija yavala khungu latsopano.

Ndimaganiza za mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene wathira dengu lake laling'ono patsinde pa khoma. Palibe amene angadzamuuze kuti mzikitiwu ndi wa boma, kapena wa alendo, kapena wa Afalansa amene analamula kuti umangidwe. Ngati zimene Leiris anamva mu 1931 zinali zoona, ndiye kuti zidzukulu za anthu amene ankakana kuusesa ndi zimene lero zimalimbirana kuumata. Nyumba imene inayamba ndi chikakamizo anaitenga pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, mpaka inakhala yawo.

Mu 1988 UNESCO inaika mzinda wakale wa Djenné, ndi nyumba zake zadothi pafupifupi 2,000 pamodzi ndi zitunda zakale monga Djenné-Djenno, pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Ulemu umenewu unabweretsa alendo ndi ndalama, ndipo kuyambira 1996 dziko la Netherlands linathandiza kukonza nyumba zakale zambiri. Unabweretsanso malamulo. Mwini nyumba saloledwa kuisintha mmene akufunira, pamene iye akulakalaka chipinda chokulirapo, pansi pa simenti ndi bafa, ndipo kumata chaka chilichonse kumadya ndalama. Ena anayamba kukuta makoma ndi timatailosi towotcha, koma madzi akalowa kuseri kwake khoma limavunda mkati osaoneka. Kudandaula kwa anthu amenewa n'komveka. N'kosavuta kukonda nyumba ya dothi pamene amene akugonamo ndi wina.

Kukayikirana kumeneku kunaphulika pa 20 Sepitembala 2006. Anthu anaona amuna ena akukumba padenga la mzikiti. Anali akatswiri oyeza mphamvu ya dengalo pokonzekera ntchito yothandizidwa ndi Aga Khan Trust for Culture, koma ambiri mumzindamo sanadziwe. Mphekesera zinathamanga, khamu linawaukira, linazula mafani amene ofesi ya kazembe wa America inapereka ku mzikiti, linawononga ofesi yoona za chikhalidwe, nyumba ya meya ndi magalimoto. Munthu mmodzi anamwalira. Chiwawa chimenecho sindingachiikire kumbuyo. Koma chikuonetsa kuti ku Djenné kukhudza mzikiti popanda kugogoda pakhomo la eni ake ndi nkhani yaikulu, ngakhale wabwera ndi mtima wabwino.

Chomvetsa chisoni n'chakuti akatswiriwo anali ndi chifukwa chenicheni chodera nkhawa. Kwa zaka 100 anthu ankawonjezera dothi pamwamba pa dothi, osachotsa lakale. Makoma ananenepa, ngodya zimene Traoré anasiya zakuthwa zinabulungira, denga linalemera kuposa mmene mitanda yake ikanathera, ndipo ina inali itafumbwa. Chikondi chomwecho chimene chinasunga nyumbayi chinali kuipsinja. Ntchito yokonza itayamba, amisiri a barey ton pamodzi ndi akatswiri obwera anasenda dothi lochulukalo n'kusintha mitanda yowola. Ili mkati, pa 5 Novembala 2009, kunagwa mvula ya mamilimita 75 m'tsiku limodzi, nthawi imene mvula imakhala itatha kale, ndipo chapamwamba pa nsanja ya kumwera chinagumuka. Anaimanganso, ndi dothi.

Kenaka kunabwera 2012. Boma linalandidwa ndi asilikali ku Bamako, kumpoto kwa dziko kunagwa m'manja mwa magulu a zida, ndipo ku Timbuktu manda a mashehe olemekezeka anaphwanyidwa, mlandu umene Ahmad al-Faqi al-Mahdi anagamulidwa nawo kukhala m'ndende zaka zisanu ndi zinayi ku International Criminal Court mu 2016. Djenné sinalandidwe, koma alendo anasiya kubwera. Kuyambira 2015 nkhondo inafika m'chigawo chapakati, ndipo limodzi mwa magulu a zida a kumeneko linadzitcha dzina la Massina, ufumu uja wa Seku Amadu. Mu 2016 UNESCO inaika Djenné pamndandanda wa malo amene ali pangozi. Nyumba zogona alendo zinatsekedwa, operekeza alendo anasowa chochita, amayi a bogolan anasowa ogula. Pempho la Koi Konboro lakuti alendo achuluke mumzinda wake lakhala zaka zambiri tsopano likudikira yankho.

Mu Meyi 2024 anthu zikwizikwi a ku Djenné anadzukanso usiku, madengu pamutu, madzi akuchokera kumtsinje, makwerero atatsamira pakhoma la kibula. Pamadenga oyandikana, pamene kale pankadzaza alendo ndi makamera, panali eni nyumba ndi ana awo. Pofika masana anali atatsika onse kukasamba, ndipo dothi latsopano linali kuuma pakhoma, mizere ya zala ikuoneka paliponse pamene dzanja linadutsa, mvula yoyamba ya Juni isanafike.